Zida za carbon fiber zikachita chikasu, zikang'aluka kapena zikayamba kunjenjemera: chochita ndi chosachita

Dzuwa la October likangolimba kuno ku Kasungu, pagalaja pathu pamayamba kufika madandaulo ofanana. Wina boneti yake yakuda ija yasanduka yachikasu, wina sipoila (kaphiko ka kumbuyo kwa galimoto) yang'aluka pamabawuti, wina akuti boneti imavina akamathamanga pa M1. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amabwera atayesa kale kukonza okha, kapena atapereka kwa mmisiri amene wagwira chidacho ngati chitsulo: wamenya ndi nyundo, wapaka fila (phala lotsekera mabala), mwinanso wayandikitsa moto. Pofika kwa ife, chinthu chimene chikanapulumuka ndi sandipepa ndi kiliya (utoto woonekera wowala wopopera pamwamba) chimakhala chitatheratu.

Carbon fiber, amene timangomutchula kuti kaboni, si chitsulo. Chitsulo chikagundidwa chimapindika, ndipo aliyense amaona pamene chavulala. Kaboni amachita ngati nsungwi: amaoneka bwinobwino kunja pamene m'kati wayamba kale kulekana, tsiku lina n'kungothyoka. Amapangidwa ndi timaulusi topyapyala kuposa tsitsi la munthu, tolukidwa ngati mkeka, tonyikidwa mu utomoni wa epoxy n'kuumitsidwa. Mphamvu yake ili mu ulusiwo, ndipo utomoni ndi umene umaugwira pamodzi. Pafupifupi vuto lililonse limene mungakumane nalo likuchokera pa chimodzi mwa ziwirizi.

## Yambani mwadziwa chimene muli nacho

Zambiri zimene timazitchula kuti kaboni kuno si kaboni. Musachite nazo manyazi, koma muzidziwe, chifukwa kakonzedwe kake n'kosiyana.

- Stika kapena utoto wojambula. Suzumirani kuseri kwa chidacho. Ngati kuli pulasitiki yosalala kapena chitsulo, ndiye kuti kunjako n'chithunzi chabe. Stika imakhala ndi m'mphepete moti chikhadabo chimatha kuikola.
- Fiberglass (ulusi wa galasi woumitsidwa mu utomoni) yovekedwa nsalu imodzi ya kaboni pamwamba. Maboneti ndi masipoila ambiri ogula padera ndi otere. Kuseri kumakhala kokhakhala, nthawi zina kopakidwa utoto wakuda. Pamene anaboolapo pamaoneka zoyera kapena zobiriwira m'kati.
- Kaboni yekhayekha. Ulusi wakuda umaoneka mbali zonse ziwiri, chidacho n'chopyapyala koma cholimba, ndipo chimapepuka modabwitsa. Chidutswa cha kaboni chimapepuka pafupifupi kasanu poyerekeza ndi chitsulo chofanana nacho kukula.

Ngati yanu ndi stika, isendeni muike ina, nkhani yathera pomwepo. Zotsatirazi ndi za mitundu iwiri inayo.

## Chachita chikasu, chayera ngati ufa, kapena chikusendeka

Ili ndiye vuto limene timaliona kwambiri. Ulusi wa kaboni suopa dzuwa, koma epoxy amaliopa. Chimene chimamuteteza ndi kiliya yopopera pamwamba, ndipo kiliyayo ikatha, dzuwa limayamba kudya utomoni.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Kiliya yopyapyala kapena yotchipa, galimoto n'kumakhala padzuwa tsiku lonse.
2. Katsukidwe. Sopo waufa wochapira zovala, palafini, petulo kapena thina zimafooketsa kiliya. Kupukuta fumbi ndi nsanza youma kumaikanda tsiku ndi tsiku, ndipo fumbi la kuno m'chilimwe mukulidziwa.
3. Kutentha kwa injini kuchokera pansi, makamaka ngati boneti inaikidwa popanda chinsalu chotchinga kutentha chija. Chizindikiro chake n'chakuti chikasucho chimakhala malo amodzi, pamwamba pa ekizozi kapena turbo.
4. Madzi amene alowa pansi pa kiliya kudzera m'mphepete kapena pobooka.

Kuti mudziwe kuzama kwa vutolo, thirani madzi pamalopo. Pakada n'kuwala ngati patsopano, ndiye kuti chawonongeka ndi pamwamba penipeni, ndipo n'zotheka kubweza. Chikasu chikakhalabe ngakhale panyowe, chalowa mu utomoni.

Pamene pangoyera, kwechani pang'onopang'ono ndi sandipepa yamadzi ya 1500, kenako 2000, mumalize ndi polishi. Pamene kiliya ikusendeka, polishi sithandiza. Yonse yofooka iyenera kuchoka ndi sandipepa ya 400 mpaka 600, n'kupopera kiliya ya 2K (yosakaniza ndi chowumitsira) yoteteza ku dzuwa.

Apa ndi pamene amisiri ambiri amawonongera, choncho mvetsetsani. Pokwecha, yang'anani mtundu wa madzi amene akutsika. Akakhala oyera ngati mkaka, mukadali mu kiliya. Akangoyamba kuda, lekani pomwepo, mwafika pa ulusi. Nsalu ya pamwambayo ndi yopyapyala kwambiri, ndipo ukaiboola sungaibwezerenso maonekedwe ake. Galainda isayandikire n'komwe.

Chikasu cholowa mu utomoni sichichoka. Kiliya yatsopano imaletsa kuti chisapitirire, koma mtunduwo umatsala. Ine ndimauza eni galimoto kuti angopopera utoto wofanana ndi galimoto yonse. Ena amakana poti ulusiwo ndi umene anaugulira, ndipo ndimawamvetsa, komabe boneti yopentedwa imakhalitsa padzuwa lathuli kuposa yoonetsa ulusi.

Kiliya ya 2K ili ndi mankhwala owononga mapapo. Si yopopera kuseri kwa nyumba mutamanga mpango kukamwa. Perekani kwa wopopera utoto amene ali ndi chovala kumphuno choyenera ntchitoyo.

## Paoneka mng'alu

Funso loyamba si lakuti tikonza bwanji. Ndi lakuti: mng'aluwu uli mu kiliya yokha, kapena wafika mu ulusi?

Zoyambitsa:

1. Miyala ya mumsewu ndi kugwedezeka. Zimasiya timing'alu tating'ono ngati ukonde wa kangaude, nthawi zambiri mu kiliya mokha. Misewu yafumbi, ngati wopita ku Lifupa, imachita zimenezi msanga.
2. Mabawuti omangitsa. Mng'alu umayambira pabowo n'kumatuluka ngati nyenyezi. Kaboni safuna kufinyidwa malo amodzi.
3. Kugunda hampu kapena dzenje, makamaka zida za kunsi kwa bampa.
4. Mabowo oboola ndi dirilo yobuntha, imene imazula ulusi kuseri m'malo moudula.
5. Kukhalira kapena kusanjikiza katundu. Boneti ya kaboni si mpando, ndipo thumba la chimanga silikhala pa sipoila.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Tsukani malowo, muunike ndi tochi cham'mbali usiku kapena pamthunzi. Kenako tengani K10 yachitsulo muzigogoda pang'onopang'ono, kuyambira pamene pali bwino kupita pamng'alu. Pabwino pamalira mokweza, ngati mbale yadothi yosang'aluka. Pamene nsalu zalekana m'kati pamalira mogontha, phu phu, ngati dzungu. Zungulizani malo ogonthawo ndi choko. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndi aakulu kuposa mng'alu umene maso akuona. Sindikizaninso ndi chala chachikulu: pakamabonyokera kapena kulira tsetsetse, ulusi wathyoka.

Mukakayika, lembani kadontho kumapeto onse awiri a mng'aluwo, muyende sabata imodzi, muonenso. Ukadutsa kadonthoko ndiye kuti ukukula.

Mng'alu wa mu kiliya umakonzedwa monga tafotokozera pamwambapa. Wofika mu ulusi, ngati uli pa chida chongokongoletsa monga chovindikira galasi loonera kumbuyo, sipoila yaing'ono kapena chotchinga cha m'mbali mwa njinga yamoto, ungakonzedwe chonchi:

- Gwirirani ntchito kuseri. Kwechani mopendekera kuzungulira mng'aluwo, malo otambalala, osati kukumba kangalande.
- Pukutani ndi acetone (mankhwala ochotsa mafuta), paume.
- Ikani zigamba za nsalu ya kaboni zingapo, chilichonse chosiyana kukula ndi chinzake, ulusi wake uloze kumene wakale ukuloza.
- Gwiritsani ntchito epoxy, wosakanizidwa ndendende monga alembera pachitini. Kuwonjezera chowumitsira sikufulumizitsa ntchito, kumangofooketsa chigambacho.
- Finyani kuti mpweya ndi utomoni wotsala zituluke, musiye tsiku lathunthu osakhudza.

Utomoni wa polyester, uja timakonzera mabampa a fiberglass ndi maboti, sugwira bwino pa epoxy. Umaoneka ngati wagwira, kenako umasendeka wonse ngati khungwa. Supagulu ndi fila zimangobisa mng'alu kuti musauone ukamakula. Moto suwongola kaboni, umangopsereza utomoni.

Lekani, musakonze nokha, mng'alu ukakhala pa chilichonse mwa izi: denga, chimango cha galimoto, shafuti (paipi yopititsa mphamvu ya injini ku matayala), limu, mpando, chiwongolero, mahandulo kapena foloko ya njinga, helimeti, ndiponso pamene boneti imagwirira loko kapena mahinjesi.

Pali amene amanditsutsa kuti kaboni ndi wolimba kuposa chitsulo, nanga mantha n'ngachiyani. Zoona, ndi wolimba. Mu 1981 kampani ya McLaren inatulutsa MP4/1, galimoto yoyamba ya mpikisano wa Formula One yokhala ndi chimango cha kaboni, yokonzedwa ndi John Barnard. Anthu ambiri ankakayika, ankati idzaphwanyika ngati galasi. Chaka chomwecho woyendetsa wake John Watson anachita nayo ngozi yoopsa pa mpikisano wa ku Monza, ku Italy, galimoto inaduka kumbuyo, koma iye anatuluka akuyenda yekha. Kuchokera apo magulu ena onse anatsatira. Koma dziwani mmene kaboni amapulumutsira munthu: amamwa mphamvu ya ngozi pophwanyika iye mwini. Akatero wagwira ntchito yake, sangaigwirenso kachiwiri pamalo omwewo. N'chifukwa chake a mipikisano amaunika chimango ndi makina oona m'kati a ultrasound chikagundidwa, ndipo chimene chakayikitsa amachichotsa. Ife makina amenewo tilibe, tili ndi K10 ndi tochi. Pa chida chonyamula moyo wa munthu, zimenezo sizikwanira.

## Boneti ikunjenjemera, sikutsekeka bwino, kapena ikudzuka poyenda

Ili musalichedwetse. Boneti ikatseguka muli pa liwiro imamenya galasi lakutsogolo n'kukutsekani maso. Pa M1, thiraki ikamadutsana nanu, mphepo yake imakoka boneti yopepuka mwamphamvu kuposa mmene mungaganizire.

Zoyambitsa:

1. Kachitsulo kokola loko kakumasuka. Pa maboneti ambiri ogula padera kamangomatidwa kapena kukhomedwa ndi marivet mu fiberglass. Kagwedezeni ndi dzanja. Kasasunthe ngakhale pang'ono, ndipo pozungulira pake pasakhale mng'alu kapena ufa woyera.
2. Timaraba tokhazikira boneti tatha kapena tatsika. Tipotokoleni tikwere mpaka boneti izikhala yogwira ikatsekedwa. Apa ndi pongotaya mphindi zisanu.
3. Mashoko onyamula boneti ndi aja a boneti yachitsulo. Mphamvu yake ndi yochuluka, ndipo amaikankha mpaka kuipinda pafupi ndi mahinjesi. Achotseni, muzigwiritsa ntchito ndodo yochirikizira.
4. Yapindika ndi kutentha. Zida zotchipa zimaumitsidwa popanda uvuni, ndipo utomoni wake umayamba kufewa pa kutentha kumene chinthu chakuda chimafika chikakhala padzuwa la masana, injini ikuwotchanso pansi. Zida za m'mipikisano zimaphikidwa mu uvuni wa autoclave pa madigiri 120 kapena kuposa, n'chifukwa chake sizichita zimenezi, n'chifukwa chakenso mtengo wake ndi wina.
5. Inapangidwa yosakwana bwino kuchokera kufakitale.

Boneti iliyonse ya kaboni yogula padera ndimalangiza kuti iikidwe mapini awiri kutsogolo, okhoma m'chitsulo cha galimoto, kuwonjezera pa loko. M'mipikisano yambiri zomangira zotere n'zalamulo. Yopindika kale siwongoka. Ngati kachitsulo ka loko kazuka, musayende nayo ngakhale kuchoka pa boma kufika ku Chinkhoma, ndipo chingwe cha mphira si chomangira boneti.

## Ufa woyera kapena dzimbiri pozungulira mabawuti

Izi zimaoneka kwambiri mvula ikayamba. Kaboni akakhudzana ndi aluminiyamu pali chinyezi, ziwirizi zimachita ngati batire laling'ono, ndipo chimene chimadyeka ndi aluminiyamuyo. Chitsulo wamba nachonso chimachita dzimbiri msanga chikagundana ndi kaboni. Kaboniyo amakhala bwinobwino, koma marivet kapena bulaketi imene yamugwira imatha mwakachetechete.

Masulani, muone. Chodyeka chisinthidwe, osati kungochipala. Pobwezera, ikani mabawuti a stainless, mawashala apulasitiki kapena araba mbali zonse ziwiri, ndipo m'mphepete mwa bowo mupake epoxy kapena utoto kuti ulusi usakhale poyera. Mawashala akhale otambalala, ndipo mangani mongokwanira.

Vuto lomweli likaoneka pamene denga la kaboni lalumikizana ndi thupi la galimoto, imeneyo si ntchito ya pagalaja wamba.

## Mafyuzi akupsa kapena batire likutha lokha

Nthawi zambiri vuto limakhala la mawaya wamba, ndipo wamagetsi ayambire kumeneko. Koma ngati zinayamba mutangoika chida cha kaboni, kumbukirani kuti kaboni amadutsa magetsi, ngakhale amaoneka ngati pulasitiki. Onani ngati boneti ikukhudza mutu wa batire ikatsekedwa, komanso ngati pali waya wodutsa pabowo la kaboni popanda raba, popeza m'mphepete mwake ndi mwakuthwa ndipo mumasenda waya. Vindikirani mutu wa batire ndi chipewa chake charaba. Mukaona popsa pansi pa boneti moyang'anizana ndi batire, chotsani waya wa batire kaye musanachite china chilichonse.

## Galimoto ikunjenjemera kuchokera pansi

Mungadabwe kuti izi zikukhudzana bwanji ndi kaboni. Galimoto zina zochokera ku Japan zinabwera ndi shafuti ya kaboni kuchokera kufakitale, ngakhale mwini wake sakudziwa. Mitsubishi Pajero zina zopangidwa kuyambira 1999 zili nayo kumbuyo, chimodzimodzinso Nissan Fairlady Z zambiri za 2002 kupita m'tsogolo ndi Mazda RX-8 ya giya yamanja. Pajero ndi zambiri kuno, ndipo zimayenda m'misewu ya kumaesiteti a fodya kumene miyala ndi zitsa zimamenya kunsi.

Musathamangire kuimba mlandu shafuti. Yambani ndi izi:

1. Matayala osalinganizidwa, tayala lotupa, kapena matope ouma m'kati mwa limu.
2. Majointi a kumapeto kwa shafuti atha, kapena mabawuti ake amasuka.
3. Maraba ogwira injini kapena giyabokosi ang'ambika.
4. Shafuti yeniyeniyo yavulala.

Kuti mudziwe ngati ndi ya kaboni, ikani maginito pakati pake. Akapanda kugwira, ndipo pogogoda sikulira ngati paipi yachitsulo, samalani nayo. Yang'anani pokumbika, potuluka ulusi, ndi pamene paipi yakudayo yalumikizana ndi chitsulo cha kumapeto. Zonsezi muchite injini itazima, galimoto itakhazikika pa zochirikiza zolimba, osati pa jeke yokha.

Shafuti yotere simenyedwa ndi nyundo pochotsa, sifinyidwa mu vaisi, sidulidwa, siwotchereredwa, ndipo jeke siikidwa pamenepo. Ikavulala mpaka ulusi kuoneka, imasinthidwa yonse. Shafuti imazungulira mofulumira kwambiri, ndipo ikaduka muli paulendo imatha kumenya thanki kapena mapaipi a mabuleki.

## Kwa a njinga zamoto

Ekizozi ya kaboni ikayamba kufiira kapena kuchita mawanga a bulauni, phokoso n'kukwera, ndiye kuti ubweya wa m'kati wotchinga kutentha wapsa, ndipo utsi wotentha ukufika pachikopa chakunja. Ubweyawo umasinthidwa pochotsa marivet a kumapeto. Mukachedwa chikopacho chimafewa n'kubooka. Onaninso ngati lamba wogwira ekizozi ali ndi raba yake, chifukwa chitsulo chikamakhuza kaboni mwachindunji chimamudya.

Achimwene a kabaza, za helimeti ndinene mosabisa. Kaya ndi ya kaboni, kaya ya pulasitiki, ikamenya pansi mutu uli m'kati, yatha ntchito ngakhale kunja isaoneke kanthu. Chimene chimateteza ubongo ndi chofewa cha m'kati chija, ndipo chikafinyika kamodzi sichibwerera.

## Podula, pobowola ndi pokwecha

Fumbi la kaboni limayabwa pakhungu, limavulaza maso ndi mapapo, ndipo poti limadutsa magetsi, likalowa mu dirilo, mu foni kapena m'kompyuta ya galimoto limatha kuyambitsa shoti. Kwechani ndi madzi nthawi zonse pamene zingatheke. Valani magalasi, magolovesi ndi chovala kumphuno chosefa fumbi. Pukutani ndi nsanza yonyowa, osapemerera ndi kompuresa, ndipo ana asasewere pamalopo.

Pobowola, matani tepi mbali zonse, ikani kathabwa kuseri, mugwiritse ntchito dirilo yakuthwa osakankha mwamphamvu. Chida chothyoka musachigwire ndi manja opanda kanthu, zisonga zake zimalowa m'thupi ngati minga ya chitedze ndipo zimavuta kuchotsa. Cha galimoto imene yapsa ndi moto musachikhudze kapena kuchisesa chouma, chifukwa utomoni ukapsa ulusi umatsala womasuka n'kumauluka.

## Posankha mmisiri

Amene amakonza fiberglass si onse amene amadziwa kaboni, ngakhale ntchitozi zimafanana. Musanasiye chida chanu, kaya kuno kaya ku Lilongwe, mufunseni utomoni umene agwiritse ntchito, ndipo akuonetseni chitini cholembedwa epoxy. Mufunsenso ngati ali ndi nsalu ya kaboni kapena aika ya fiberglass n'kupenta yakuda. Pa chida chongokongoletsa, fiberglass ndi epoxy kuseri zimagwira bwino ndithu, bola akuuzeni zoona. Muonenso ngati agogoda chidacho asanatchule mtengo. Amene watchula mtengo atangoyang'ana ndi maso sanadziwe kukula kwa bala.

Pa denga kapena chimango cha galimoto monga BMW i3, imene chipinda chake chonse chokhalamo anthu ndi cha kaboni, kakonzedwe kake kamatsata malangizo a kampani imene inaipanga, ndi zida ndi guluu wakewake. Musanagule galimoto yotere yochita kale ngozi, yambani mwafufuza kumene ingakonzedwe.

Ndipo ngati mwangogula boneti ya kaboni, yachitsulo ija musaigulitse kwa ogula zitsulo zakale. Iimikeni m'nyumba pouma, mabawuti ake ndi chinsalu chake chotchinga kutentha muzimange m'kathumba n'kukoleka pomwepo.